Mtambo ukada ku Khosolo, adzanene ndani?

 Ndilankhula m'Chichewa, koma nthawi ya mafunso ikakwana aliyense afunse m'chilankhulo chimene amalota nacho.

Mzimba ndi boma lalikulu kuposa maboma onse m'Malawi muno. Kukula kwake kumapitirira masikweya kilomita 10,000. Pa Boma pano pali siteshoni ya Nthambi yoona za Nyengo ndi Kusintha kwa Nyengo, imodzi mwa masiteshoni akuluakulu a dziko lino. M'nyengo ya dzinja, nthambiyi imatulutsa chikalata pakatha masiku khumi alionse chofotokoza mmene mvula yagwera, ndipo mukachiwerenga mupezamo Mzimba, Mbawa, Emfeni, Euthini, Chikangawa ndi malo ena owerengeka. Anthu amene amayeza m'malo amenewa amagwira ntchito yotamandika. Koma tangoganizani za mtunda umene uli pakati pa malowo. Mtambo umodzi wa mabingu kukula kwake kumakhala makilomita ochepa chabe, ndipo kawirikawiri sutha ola lathunthu usanaphwasuke. Ungathe kubadwa pamwamba pa mapiri a Khosolo, kusasula sukulu, kubowola fodya wa mudzi wonse, n'kutha, pamene pa Boma pano anthu akuyanika ufa pamphasa. Mkulu wa zanyengo ali ku Blantyre aona pa kompyuta yake kuti kumwera kwa Mzimba kunali mtambo wokwiya. Zimene mtambowo wachita pansi sangazione, pokhapokha wina wa kumeneko amuuze.

Musaganize kuti vuto limeneli ndi la umphawi wathu wokha. Dziko la United States lili ndi makina a radar oona mvula oposa 150, lili ndi masetilaiti, lili ndi ndalama. Komabe nthambi yawo ya zanyengo, National Weather Service, imadalira anthu odzipereka oposa 300,000 a pulogalamu yotchedwa Skywarn, imene yakhalapo kwa zaka zoposa makumi asanu. Ndi alimi, apolisi, ozimitsa moto, aphunzitsi, anthu wamba. Amaphunzitsidwa kwaulere, maphunziro a maola awiri kapena kuposerapo pang'ono, ndipo salandira malipiro. Radar imaona zimene zili m'mwamba, koma singanene kuti matalala afikadi pansi, kapena kuti denga la tchalitchi lapita. Pali gulu linanso kumeneko lotchedwa CoCoRaHS, la anthu oyeza mvula pakhomo pawo. Linayamba mu 1998, chaka chimodzi madzi atasefukira n'kupha anthu mu mzinda wa Fort Collins. Akatswiri atafufuza anapeza kuti mbali imodzi ya mzindawo inalandira chimvula choopsa pamene mbali ina yapafupi inalandira yochepa, ndipo zipangizo za boma sizinagwire kusiyanako pa nthawi yake. Ngati a radar zana limodzi ndi theka akupempha maso a anthu, nanga ife?

Kuno kwathu ntchito imeneyi ilipo kale, kungoti ili m'manja osiyanasiyana. Pali anthu oyeza mvula m'maofesi a zaulimi, m'masukulu, m'mamishoni ndi m'minda ikuluikulu. Pali makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, a pamudzi, a m'dera la mfumu yaikulu ndi a pa khonsolo, amene amalumikizana ndi nthambi ya boma yoona za ngozizi, ya DoDMA. Lamulo loyang'anira ntchitoyi linali la mu 1991, ndipo mu 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza latsopano. Pali anthu odzipereka a Malawi Red Cross. M'maboma monga Karonga, Salima ndi Phalombe muli anthu amene amayang'anira kukwera kwa madzi kumtunda kwa mtsinje n'kuchenjeza anzawo a kumunsi. Munthu wofuna kukhala mlonda wa nyengo, woyang'ana nyengo n'kunena zimene waona, alowere pa limodzi mwa makomo amenewa. Asadikire kuti kubwere bungwe latsopano ndi galimoto yolembedwa dzina m'mbali.

Ena mwa inu mukuti mumtima: zimenezo ndi za ku Nsanje ndi ku Phalombe, ife tili kumtunda. N'zoona kuti namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, anakantha chigawo cha kumwera, kumene anthu oposa 600 anatsimikizika kuti anafa ndipo oposa 500 sanapezeke. Ife sitinaone zotere. Koma ngozi zathu zimabwera pang'onopang'ono, mudzi uno lero, mudzi uja mawa, ndipo chifukwa sizimveka pa wailesi timaziyesa zazing'ono. Mphepo yosasula malata kumayambiriro kwa dzinja. Matalala pa fodya amene watsala pang'ono kuthyoledwa. Mphenzi pa mwana woweta ng'ombe kudambo. Ng'amba ya pakati pa Januwale ndi Febuluwale chimanga chikumasula. Kamtsinje kamene mumawoloka osavula nsapato, n'kudzaza mwadzidzidzi chifukwa cha mvula imene inagwa kumapiri inu osaiona. Ndipo musaiwale kuti madzi athu ali ndi kopita. A mbali ya kumadzulo amatsikira mu South Rukuru n'kulowera ku Rumphi. Ena a kumwera cha kum'mawa amathera mu Dwangwa, mtsinje umene unasefukira mu Febuluwale 2024 n'kusowetsa pokhala anthu zikwizikwi ku Nkhotakota. Munthu woyeza mvula ku Luwerezi akutumikira ngakhale anthu amene sadzamuona nkhope.

Tsopano tilowe m'ntchito yeniyeniyo, ndipo ndiyamba ndi mbali imene anthu amainyoza, yoyeza mvula.

Choyezera mvula, chimene ambiri timangoti geji, ndi chitini chokhala ndi fanulo pamwamba ndi botolo mkati. Chimaikidwa pabwalo poyera, chilili chowongoka, kutali ndi mitengo ndi nyumba. Ngati mtengo wa mango ndi wotalika mamita khumi, geji ikhale mamita osachepera makumi awiri kuchokera pamtengowo, ndipo ikatalikira kuposa apo ndiye bwino. Mukaiika pafupi ndi khonde kuti akuba asaitenge, muziyeza madzi a padenga, osati mvula. Itchingeni ndi kampanda kafupi, chifukwa mbuzi zimaigwetsa, ndipo ana a sukulu ali ndi chizolowezi chothiramo madzi kuti aone aphunzitsi akudabwa.

Nthawi yowerenga ndi 8 koloko m'mawa, tsiku lililonse, Lamulungu ndi Khirisimasi zomwe. Mumachotsa fanulo, n'kutsanulira madzi m'galasi loyezera mosataya dontho. Galasilo muliike pamalo osapendekeka, inu muwerame mpaka diso lifanane ndi pamene madzi alekezera. Mukayang'anitsitsa muona kuti madzi amakwera pang'ono m'mbali mwa galasi, pakati n'kutsika. Muwerenge pansi pa kutsikako. Mulembe nambala m'buku musanataye madzi, chifukwa mukataya kaye n'kumva mwana akulira, mubwerako mutaiwala ngati inali 17 kapena 27. Mvula imene mwawerenga lero m'mawa ndi ya dzulo, ndipo imalembedwa pa tsiku la dzulo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito iyi njotero.

Nambalayo itanthauzanji? Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Ndiye mukapeza mamilimita 50, dziwani kuti pa hekitala iliyonse ya m'dera lanu patsika malita 500,000. Akatsika pang'onopang'ono usiku wonse, nthaka imamwa. Akatsika m'ola limodzi pa phiri lopanda mitengo, amathamangira kumtsinje onse pamodzi. Choncho polemba musangolemba kuchuluka kokha. Onjezani m'mphepete mwa tsamba kuti inayamba nthawi yanji n'kusiya nthawi yanji.

Chimene ndikufuna muchigwiritse kwambiri ndi ichi: tsiku limene mvula sinagwe mulembe 0. Musasiye mpata. Mpata umatanthauza kuti munthu sanayeze, mwina anapita ku maliro kapena ku msika wa Jenda. Ziro amatanthauza kuti munthu anapita, anayang'ana, anapeza mouma. Ng'amba imadziwika ndi maziro ondondozana. Alimi ena mwaphunzirapo njira ya PICSA, imene inachokera ku yunivesite ya Reading ku Britain, pamene mlangizi amakuonetsani chithunzi cha mmene mvula yakhala ikugwera m'dera lanu kwa zaka zambiri kuti musankhe mbewu ndi nthawi yodzala. Chithunzi chija sichinagwe kumwamba. Chinachokera m'mabuku a anthu amene ankadzuka m'mawa uliwonse kukawerama pa geji. Ndipo ngati tsiku lakudutsani, nenani kuti lakudutsani. Nambala yopeka njoipa kuposa mpata, chifukwa mpata katswiri amauona, pamene bodza amaliwerengera limodzi ndi zoona.

Kuchoka pa geji, tikweze maso. Agogo athu ankawerenga kumwamba kalekale, ndipo maphunziro a zanyengo sabwera kudzafafaniza nzeru imeneyo. Amangoiika m'mawu amene munthu wa ku Blantyre angagwiritse ntchito. Mvula yambiri ya kuno imabwera ndi mpweya wachinyontho wochokera ku Congo, komanso ndi mzere umene mphepo zochokera kumpoto ndi kumwera zimakumana. Koma mtambo woopsa umaumbika pamaso panu. M'mawa kukatentha mopanikiza, muona timitambo toyera tikutukumuka. Pofika masana umodzi umakula kupita m'mwamba ngati chulu, kunsi kwake kuli bii. Mutu wake ukafika pamwamba zedi umaphwatalala n'kutambasukira mbali imodzi. Pamenepo dziwani kuti mtambowo wakhwima, ndipo muli mphenzi, mwinanso matalala. Ukamayandikira, nthawi zina kutsogolo kwake kumakhala mtambo wina wautali wogona chopingasa, wotsika kwambiri. Kumayamba kwachita zii, kenaka kamphepo kozizira kamakumenyani kumaso, fumbi ndi masamba n'kunyamuka. Mphepo imene imasasula nyumba ndi imeneyo. Imatsika ndi mvula kuchokera mumtambo, ikagunda pansi n'kumwazika mwamphamvu. Kuchokera pamene mwamva kuzizirako, mphindi zimene mwatsala nazo n'zochepa. Si nthawi yothamangira kukaanula zovala.

Kuyeza mphepo sikufuna chipangizo. Pali muyeso wakale wa Francis Beaufort, wa mu 1805, umene umagwiritsa ntchito zimene maso akuona. Nthambi zikuluzikulu zikamagwedezeka, mphepo ili pa makilomita 40 mpaka 50 pa ola. Tinthambi tikamathyoka, yapitirira 60. Mitengo ikamazuka, ili cha m'ma 90 kapena kuposa. Inu simufunika kutchula nambala. Nenani chimene chathyoka. Matalala nawo muwayerekeze ndi chinthu chodziwika: njere ya chimanga, mtedza, dzira la nkhunda, dzira la nkhuku. Mutchule lalikulu kwambiri limene mwaliona, ndipo mutole mvula itasiya.

Apa ndafika pamtima pa nkhani yanga. Mlonda wa nyengo amadziwika ndi lipoti lake. Tonse timadziwa mmene timafotokozera zinthu kumudzi: "Kwagwa chimvula choopsa, zinthu zaonongeka kwambiri, anthu ali pamavuto." Mawu amenewo ndi oona, koma wolandira foni sangachite nawo kanthu. Sadziwa kotumiza thandizo, sadziwa wochenjeza. Yerekezani ndi lipoti lotere, limene ndangopanga ngati chitsanzo: "Ndine woyeza mvula wa ku Emfeni. Lero kuyambira 3 koloko mpaka 3:40 masana kwagwa mvula ya mphepo yochokera kumpoto cha kumadzulo, yalowera kum'mawa. Matalala aakulu ngati mtedza. Nyumba zinayi zasasuka, ndaziona ndi maso anga. Ndamva kuti buloko imodzi ya sukulu yasasukanso, koma sindinafikeko. Wovulala palibe. Mtsinje ukukwera." Mwamva kusiyana kwake? Muli chimene chachitika, malo, nthawi, kukula kwake, ndi kumene chalowera. Koposa zonse, munthuyu wasiyanitsa chimene waona ndi chimene wamva. Amene akudziwa kumene mtambo walowera angathe kuimbira mudzi wotsatira.

Ndiyenera kunena mosabisa za chiyeso chimene chilipo. Tikudziwa kuti lipoti la ngozi limatha kubweretsa chimanga, mapepala apulasitiki ndi zofunda. Ndiye nyumba zinayi zimasanduka makumi anayi, ndipo m'kaundula mumalowa achibale amene denga lawo lili bwinobwino. Makhosi athu, ndikupempha ndi ulemu wonse kuti muteteze mlonda wanu pa chinthu chimenechi. Mukamukakamiza kuwonjezera manambala kamodzi, a ku ofesi akadzazindikira sadzamukhulupiriranso, ndipo tsiku limene nyumba makumi anayi zidzasasukedi foni yake idzayankhidwa mochedwa. Chimodzimodzi pa WhatsApp. Chithunzi cha mlatho wokokoloka chikakufikani, musachitumize musanadziwe kuti n'cha kuti ndiponso n'cha liti. Zambiri zimene zimazungulira dzinja lililonse n'zakale kapena n'za dziko lina. Mlonda salosera. Kulosera n'kwa a zanyengo. Iye amanena zimene waona, ndipo amafalitsa chenjezo lochokera ku nthambi monga lilili, osathirako mchere.

Za mphenzi ndikhalapo pang'ono, chifukwa ndi imene imatipha kwambiri mwakachetechete. Kafukufuku wina amene anasindikizidwa mu 2012, wochitikira kwa anansi athu ku Nkhata Bay, anapeza kuti mphenzi imapha anthu pafupifupi 84 pa anthu miliyoni imodzi chaka chilichonse m'dera limene anafufuzalo, chiwerengero chokwera kwambiri poyerekeza ndi maiko ena. Mu Disembala 2013 mphenzi inagwa pa tchalitchi cha Seventh Day Adventist ku Lilongwe n'kupha anthu asanu ndi atatu. Mungathe kudziwa kutalika kwa mphenzi powerenga. Mukaona kung'anima, yambani kuwerenga masekondi mpaka mumve bingu. Masekondi atatu alionse ndi kilomita imodzi. Mukamva bingu musanafike pa 30, muli kale pamalo pamene ingakufikeni. Lowani m'nyumba yolimba kapena m'galimoto yotseka, musatsamire khoma, musagwire waya kapena foni imene ili pa chaja. Musabisale pansi pa mtengo, ngakhale m'chigafa chopanda makoma. Dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Aphunzitsi, mpira uimitsidwe bingu likamveka, ngakhale timu yanu ikutsogola. Ndipo munthu woombedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi. Mugwireni, muthandizeni kupuma, muthamange naye kuchipatala, kaya pa Boma pano kaya ku Embangweni.

Pali chinanso chokhudza mphenzi chimene sitingachilambalale. Mu Januwale 2016, ku Neno, mtsikana wina ataphedwa ndi mphenzi, anthu anapha agogo anayi powaganizira kuti ndiwo anaitumiza. Sindinabwere kudzatsutsana ndi aliyense za chikhulupiriro chake. Koma mlonda wa nyengo ndi amene amafika msanga pamalo a ngozi, ndipo anthu amamvera mawu ake. Iye anene kuti mphenzi inagwa nthawi yakuti, munthuyo anali pansi pa mtengo wakuti, mtambo unachokera mbali yakuti. Dzina la munthu wina lisatuluke pakamwa pake. Malamulo a dziko lino amaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo lipoti lachilungamo loperekedwa msanga lingathe kupulumutsa gogo amene sakudziwa n'komwe kuti akukambidwa.

Achinyamata, inu amene muli ndi mafoni ojambula, mverani ichi. Palibe lipoti limene lili ndi mtengo woposa moyo wanu. Musathamangire mtambo, musaime pamlatho kujambula madzi. Madzi othamanga ofika masentimita 15 okha, kungopitirira pa kakolo, amagwetsa munthu wamkulu. A masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono. Akabaza a njinga zamoto, ndikunena inu. Bisalani kaye, lipoti pambuyo.

Mawu otsatirawa ndi a akuluakulu a m'maofesi amene muli pano. Mu 2022 mlembi wamkulu wa United Nations, a António Guterres, analengeza cholinga chakuti pofika kumapeto kwa 2027 munthu aliyense padziko lapansi azifikiridwa ndi chenjezo la nyengo yoopsa. M'dziko muno pulojekiti ya M-CLIMES, yothandizidwa ndi Green Climate Fund kudzera ku UNDP, inabweretsa masiteshoni odziyeza okha ndi zipangizo zozindikira mphenzi. Zonsezo n'zabwino. Koma chimene chimapha ntchito yodzipereka si kusowa kwa zipangizo. Ndi kusayankhidwa. Munthu amaphunzitsidwa masiku awiri, amalandira tisheti, amayeza mvula dzinja lonse, amatumiza manambala ndi mayunitsi ake, ndipo palibe amene amamuuza ngakhale kuti talandira. Chaka chachiwiri geji imasanduka chomwera nkhuku. Ine sindimuimba mlandu munthu wotero. Mlonda aliyense apatsidwe nambala imodzi yodziwika yoimbira, ndipo nambalayo iziyankhidwa usiku ndi Loweruka lomwe. Galasi likasweka, lina lifike dzinja lomwelo. Ulosi wa dzinja wa boma lino ukatuluka, iye akhale woyamba kuulandira, m'Chitumbuka. Ndipo wailesi ya Mzimba Community Radio itamawerenga manambala a mvula a m'madera, kutchula malo ndi malo, mudzaona mmene anthu adzalimbikire.

Kwa inu ofuna kudzipereka, ndinene poyera kuti muno mulibe alawansi. Amene wabwera chifukwa cha envelopu adzatopa sabata yachitatu. Ntchitoyi imafuna munthu wokhazikika pamudzi, wodziwa kulemba manambala, amene anthu amamukhulupirira. Kuno kwathu, kumene amuna ambiri ali ku Joni, munthu wotero kawirikawiri ndi mayi. Mafumu, posankha musawadumphe amayi. Musankhenso anthu awiri pa geji imodzi, kuti wina akadwala buku lisaime. Pamene palibe netiweki, gwirizanani pasadakhale za chizindikiro, kaya ndi wenzulo, kaya ndi belu la tchalitchi kapena la sukulu, ndipo mudzi wonse udziwe kuti likalira mwakuti tithawire kuti.

Mvula yeniyeni kuno imayamba cha mu Novembala kapena Disembala, ndipo mphepo zosasula nyumba zimabwera ndi mvula yoyambayo. Musadikire kuti mitambo iyambe kusonkhana. Sabata ino pitani kwa mlangizi wa m'dera lanu, kaya ndi ku Champhira, ku Luwerezi, ku Khosolo, ku Manyamula kapena ku Kazomba, mukafunse kuti geji yapafupi ili kuti ndipo akuiwerenga ndani. Ngati ilibe munthu, lembetsani dzina lanu. Mukatero mukaonane ndi wapampando wa komiti ya ngozi ya m'mudzi mwanu, mupatsane manambala a foni tsiku lomwelo.